Yosefina Daka ndi Gemu ya Dzinja

Yosefina Daka amatayipa makalata m'kashopu ka fotokopi pafupi ndi msika wa ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Wakhala pa ntchito imeneyi zaka khumi ndi zitatu. Anthu amabwera ndi mapepala olembedwa pamanja, makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro ndi a ukwati, iye n'kuwatayipa osafunsa zambiri. Akapeza chiganizo chopotoka amachiwongola mwakachetechete, mwini wake osadziwa. Ndi mayi wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo ali ndi ana awiri amene akuwalera yekha.

Anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Madzimoyo m'chaka cha 1986, mwana woyamba wa a Matiyasi Daka ndi mayi Edita. Atate ake ndi mlimi wa thonje ndi nsawa. Amayi ake anamwalira ndi malungo m'dzinja la 1998, iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chaka chotsatira azakhali ake anamutenga kukakhala naye m'tauni, ndipo kuyambira pamenepo kumudzi ankangopitako pa maliro ndi pa Khrisimasi. Akakumana ndi atate ake ankagwada n'kupereka moni, n'kufunsana za mvula ndi za ana, basi. Abale anazolowera kuti awiriwa ndi mmene alili.

Ku parishi ankadziwika ndi masewero. Chaka chilichonse ankalembera achinyamata sewero la Pasaka, ndi lina lalifupi la tsiku la zokolola. Anthu ankati m'masewero a Yosefina ngakhale munthu woipa amakhala ndi chifukwa chake, moti nthawi ina bambo mfumu anamupempha kuti afupikitseko mawu a wakuba wina chifukwa mpingo unayamba kumumvera chisoni kuposa wobedwayo.

Mu June 2022 m'shopumo munalowa Boyd Sakala, mnyamata wa zaka makumi atatu amene anaphunzira za makompyuta ku Lusaka n'kubwerera kwawo ku Chipata. Anabwera kudzasindikiza mapepala. Podikira makina, anatola kope limene linali pa tebulo n'kuyamba kuwerenga.

"Asisi, izi mwalemba ndinu?" anafunsa Boyd.

"Ndi za kutchalitchi izo. Ikani pomwepo."

"Munasewerapo gemu ya pa foni?"

"Za ana zimenezo. Ine nthawi ndiipeza kuti?"

Boyd sanakhumudwe. Anafotokoza kuti bungwe lina logwira ntchito ndi alimi linamupatsa ntchito yopanga gemu ya pa foni yophunzitsa mabanja za ulimi ndi za umoyo. Zithunzi ankatha kujambula, kuziyendetsa ankathanso, koma nkhani inamukanika. Zimene analemba yekha zinkamveka ngati chikalata cha kwa alangizi. Anatenga pepala lowonongeka m'bokosi la zinyalala, n'kujambula mzere umene unagawikana pawiri, nthambi iliyonse n'kugawikananso.

"Sewero lanu limayenda njira imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza," anatero Boyd. "Gemu imafika pamphambano n'kuima. Wosewera ndiye amasankha kolowera. Ndiye wolemba ayenera kulemba njira zonse, ngakhale imene anthu ambiri sadzapitako."

"Nanga yoona ndi iti?"

"Zonse ndi zoona. Zimangotengera amene wagwira foni."

Yosefina anamupatsa mapepala ake n'kumuuza kuti aganizira. Pepala la mizere lija analipinda n'kuliika m'chikwama. Patapita masiku anayi anamuimbira foni kuti wavomera.

Ntchitoyo inatenga miyezi itatu. Ankalemba nthawi ya nkhomaliro ndi masana pamene makasitomala achepa, kuseri kwa mafotokopi owonongeka, n'kumawamata pakhoma kumbuyo kwa makina. Mapepalawo anakwera mpaka kudenga, ndipo mwini shopu anafunsa ngati akukonza mndandanda wa mtundu wa kwawo. Zoyambirira zimene analemba Boyd anazibweza zonse. Anthu a Yosefina ankalankhula mawu ataliatali ngati ali pa guwa, pamene pa foni munthu sapirira kupitirira mizere iwiri. Anaphunzira kudula. Anaphunziranso kuti wosewera safuna kuuzidwa kuti wakhumudwa kapena wasangalala, amafuna kupatsidwa chochita. Popeza alimi ambiri sawerenga msanga, anagwirizana kuti mawu onse azimvekanso, ndipo amene anawajambulitsa anali Yosefina yemweyo, atadzitsekera m'chipinda chosungiramo mapepala kuti phokoso la msika lisalowe.

Gemuyo anaitcha Dzinja. Wosewera ankakhala mlimi wopanda dzina, wokhala ndi munda wa thonje, kamunda ka nsawa, ndi mkazi dzina lake Tamiwe. Kuyambira mvula yoyamba mpaka kukolola panali mphambano khumi ndi ziwiri: kubzala lero kapena kudikira mvula ina, kudya nsawa za mbewu kapena kuzisunga, kufolera nyumba kapena kupalira. Paliponse pamene pafunika kusankha, chithunzi chinkaima, n'kutuluka timabokosi tiwiri.

Mphambano yachisanu ndi chiwiri inali ya m'mawa wa Lachinayi lina. Tamiwe wagona pamphasa akunjenjemera, ndipo m'munda wa thonje mwagwa mbozi. Kabokosi kamodzi kankati, "Kapopereni thonje." Kena kankati, "Mutengereni Tamiwe kuchipatala." Wopita kumunda thonje lake linkachita bwino, koma m'mawa mwake chithunzi chinkaonetsa mphasa yokulungidwa itatsamira khoma. Wopita kuchipatala ankataya theka la thonje, koma patapita masiku atatu ngolo inkabwerera, Tamiwe atakhala pamwamba akuseka.

Gawo limeneli Yosefina analilemba masana amodzi osafufuta liwu ndi limodzi lomwe. Linachokera pa chimene ankakumbukira. M'mawa wa tsiku loti amayi ake amwalira mawa lake, iye anaima pakhomo ali ndi kapu ya madzi, n'kuona atate ake akubereka chopopera thonje kumsana n'kutuluka. Anabwerako dzuwa litapendeka, zovala zili zonyowa, akununkha mankhwala. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi sanauze munthu aliyense zimenezi. Boyd atawerenga anati limeneli ndiye gawo lamphamvu pa onse. Mayi Leticia Mbewe, amene ankayang'anira ntchitoyi ku bungwe lija, analikondanso chifukwa phunziro lake linali poyera.

Mu October bungwelo linakonza zoyesa gemuyo ndi gulu la alimi a ku Madzimoyo. Mndandanda wa maina unabwera ku shopu kuti utayipidwe, ndipo dzina lachisanu ndi chinayi linali la a Matiyasi Daka. Yosefina analiyang'ana kanthawi. Akanatha kuuza Boyd kuti apemphe gulu lina, kapena iye akanatha kusapita. Analitayipa, n'kupitiriza lakhumi.

Anakumana Loweruka m'mawa m'shedi ya kopaletivi, kukutentha kale. Alimi analipo makumi awiri, mafoni asanu ndi limodzi. Poyamba anthu ankagwira mafoniwo mwamantha, koma pofika mphambano yachitatu mushedi munali phokoso. Amayi ankakalipira bambo wina amene anadya nsawa zonse za mbewu. Wina ankalimbikira kuti mvula ya m'gemu ndi yabodza, chifukwa kwawo siyamba choncho. Yosefina anakhala pakona ndi mafomu, akumva mawu ake omwe akutuluka m'mafoni asanu ndi limodzi nthawi imodzi.

A Matiyasi analandira foni mochedwa, anzawo atayamba kutuluka kukamwa madzi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo foni yogusa pagalasi anali asanaigwirepo. Chala chawo chinali chokhakhala kwambiri moti galasi silinkachimva, mpaka Boyd anawaonetsa kuti azigwiritsa ntchito chala chaching'ono. Atamva mawu a m'foni anatukula mutu n'kuyang'ana mwana wawo, kenako anaweramanso. Anasewera pang'onopang'ono, mosamala, ngati akusankha mbewu. Anadikira mvula yachiwiri. Anasunga nsawa. Anafolera nyumba.

Pa mphambano yachisanu ndi chiwiri anakhala nthawi yaitali, moti galasi linazima ndipo Boyd anadzaliyatsanso. Anasankha kumunda. Anaona mphasa ija itatsamira khoma.

"Aphwanga, ibwezereni poyamba," anauza Boyd.

Anayambiranso, n'kusankha zonse monga poyamba, mpaka anafika pa Lachinayi lija. Ulendo uno anasankha kuchipatala. Anaonerera ngolo ikupita, n'kuionereranso ikubwera ndi Tamiwe pamwamba. Anaika foni pa benchi bwinobwino, n'kuvala chipewa chawo, n'kutuluka.

Yosefina anawapeza kuseri kwa shedi akupopa tayala la njinga.

"Atate, mukupita? Kuli chakudya akonza."

"Tayala ili limatha mpweya," anatero a Matiyasi. Anapopa kangapo, n'kulipanikiza ndi chala. "Ngolo ija yawolokera pati?"

"Ngolo iti?"

"Ya m'foni. Yapita kuchipatala n'kubwerako. Ndikufunsa kuti yawolokera pati."

M'gemu munalibe mtsinje.

A Matiyasi anachotsa pampu n'kuimangirira pa njinga. Analankhula akuyang'ana tayala, mawu awo osakwera kapena kutsika.

"Amako anayamba kumva mutu Lolemba. Lachiwiri mtsinje wa pa njira ya kuchipatala unali wa m'maondo. Ndinati tiye kuchipatala. Iwo anati amwa mapiritsi a ku golosale, thupi lapepukako, ndipo nsawa zatsala pang'ono kutha kupalira. Ndinavomera. Ndinavomera msanga, chifukwa nanenso mtima unali kumunda. Lachitatu inagwa mvula tsiku lonse osakata. Lachinayi ndi limene waikamo iwe."

"Ndinakuonani mukutenga chopopera," anatero Yosefina.

"Unaona bwino. Chinali cha malemu a Enoch, mwini ngolo. Sindikanakapempha ng'ombe zawo chinthu chawo chili kwanga. Ndinapita nacho. Tinamanga ng'ombe n'kupita kukaona powolokera. Madzi anali akukokolola mitengo yathunthu. Ndinadzimanga chingwe m'chiuno kuti ndione ngati munthu angadutse atabereka mnzake. Madzi atandifika m'khosi a Enoch anandikoka. Tinayenda kumtunda mpaka ku dambo, n'chimodzimodzi."

"Koma munabwera mukununkha mankhwala."

"Ee. A Enoch anati chopopera nditengenso, ndidzabweza ndikatha. Pobwerera ndinadutsa kumunda, ndinapopera mizere khumi. Zimenezo sindikana. Ndinkaopa kufika kunyumba n'kuwauza amako kuti njira palibe."

Mushedi munamveka kuseka, wina atalephera kukolola m'gemu. Yosefina anagwira mafomu ake ndi manja awiri.

"Bwanji simunandiuze, Atate?"

"Unali mwana. Kenako unali wa m'tauni. Ndiponso sunafunse." Anakankha njinga pang'ono n'kuimanso. "Za Lachinayi sindidziimba nazo mlandu kwambiri. Limene limandivuta ndi Lachiwiri. Koma Lachiwiri silinaoneke ngati tsiku losankha kanthu. Linali tsiku ngati ena onse, dzuwa likuwala. Palibe chimene chinaima n'kundionetsa timabokosi tiwiri."

Anakwera njinga yawo n'kupita, chakudya osadya. Yosefina anabwerera mushedi n'kumaliza kufunsa alimi mafunso a pa fomu. Pa dzina lachisanu ndi chinayi analemba kuti munthuyo anasewera kawiri ndipo sanapereke ndemanga.

Lolemba anamatula pakhoma mapepala onse a gawo lija n'kulilembanso. Ulendo uno linamutengera sabata ziwiri. Anaikamo mtsinje kuyambira poyamba penipeni pa gemu, kamtsinje kooneka kofatsa kamene mlimi amawoloka popita kukagula mchere. Kusankha kwenikweni anakusunthira ku Lachiwiri, n'kukubisa pakati pa tinthu ting'onoting'ono ta tsikulo, Tamiwe mwiniwake akunena kuti wapezako bwino ndipo akufuna kukapalira. Amene wamukakamiza kupita tsiku limenelo, Tamiwe ankachira. Amene wamumvera ankafika pa Lachinayi, pamene timabokosi tiwiri tija tinkatulukabe, koma tonse tinkathera pa madzi odzaza.

Boyd anawerenga kawiri. Anati anthu amakwiya akaona kuti timabokosi tiwiri tikuwafikitsa pamodzimodzi, amaona ngati wopanga gemu wawanyenga. Komabe anavomera kulipanga. Amene anakana anali mayi Mbewe, pamene atatuwo anakumana ku ofesi ya bungwe.

"Ife tikufuna mlimi aphunzire kuti wodwala malungo apite kuchipatala msanga," anatero mayi Mbewe. "Inu mwabisa posankha. Ndiye aphunzira bwanji?"

"Aphunzira Tamiwe akamwalira," anayankha Yosefina. "Ayambiranso, ndipo ulendo wachiwiri Lachiwiri adzalizindikira."

"Ambiri sayambiranso, amayi. Foni ndi yobwereka, batire latha, ana akulira. Munthu asewera kamodzi, n'kuchokapo akuganiza kuti ngakhale uyesetse bwanji, mtsinje udzakutsekereza. Limenelo si phunziro limene tabwerera kuno."

"Koma ndi mmene zimachitikira."

"Ndikudziwa mmene zimachitikira. Ndagwira ntchito m'midzi zaka makumi awiri."

Yosefina anaona kuti mayiyo sakunena zopanda nzeru, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri. Anakambirana mpaka masana. Pomaliza anagwirizana kuti Lachiwiri likhale, mtsinje ukhalenso, koma pofika pa tsikulo pazilira kabelu, galasi lizifiira, ndipo mawu azinena kuti, "Samalani, malungo sadikira." Yosefina anadana nako kabeluko. Mawuwo anawajambulitsabe, katatu, mpaka Boyd anati amveka bwino.

Gemu ya Dzinja inatuluka mu January 2023. Alangizi ankaiika m'mafoni a alimi, alimiwo n'kumapatsirana okhaokha. Inafikanso m'tauni. Tsiku lina amayi awiri amene ankadikira fotokopi ya ziphaso zawo anayamba kukangana za Tamiwe pamaso pa Yosefina. Wina ankati wolakwa ndi mwamuna, chifukwa mwamuna weniweni samvera wodwala. Mnzake ankati Tamiwe anadzipha yekha ndi nsawa zakezo. Yosefina anawapatsa mapepala awo n'kuitana wotsatira.

Patatha chaka ndi theka ntchito ya bungwelo m'derali inatha. Boyd anapeza ntchito ku Lusaka, ndipo panalibenso woisamalira gemuyo. M'mafoni atsopano siitseguka. Imapezekabe m'mafoni akale angapo ku Madzimoyo, ndipo ana amaisewera mothamanga, osamvera mawu, chifukwa anaziloweza kale njira zake zonse.

Mu December chaka chimene anayesa gemu chija, Khrisimasi isanafike, Yosefina anakwera minibasi Loweruka n'kupita kumudzi yekha, ana atawasiya kwa azakhali. Anapeza atate ake akubzala nsawa. Anatenga mbale ya mbewu n'kumaponya m'mapando, iwo akukwirira pambuyo. Atamaliza mzere wachisanu anawapempha kuti akamuonetse powolokera paja.

Unali ulendo wa theka la ola. Pamalopo tsopano pali kamlatho ka simenti, ndipo madzi tsiku limenelo anali ochepa, ongonyowetsa mchenga. A Matiyasi analoza mtengo wa mkuyu umene a Enoch anakulungako chingwe, n'kulozanso pamene madzi anafika pa thunthu la mtengo wina wa kumunsi kwake. Panali pamwamba kuposa mutu wa Yosefina.

"Amako madzi ankawaopa," anatero a Matiyasi. "Ngakhale akhale a m'maondo. Popita kutchalitchi cha kutsidya ndinkawabereka, anthu akutiseka. Mwina n'chifukwa chake Lachiwiri lija anakana. Ndinadzaganiza zimenezo patapita zaka."

Yosefina anali asanamvepo zimenezi. Anafunsa ngati amayi ake ankaopanso zinthu zina, ndipo atate ake anati ankaopa abakha ndi jakisoni, koma njoka ankapha okha. Anafunsanso zina, iwo n'kumayankha mwachidule, nthawi zina n'kunena kuti aiwala. Anakhala pa kamlathopo mpaka mitambo inayamba kusonkhana chakum'mawa. A Matiyasi anati atsala ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo ndi bwino ithe mvula isanagwe. Anabwerera kumunda n'kuimaliza.

Masiku ano Yosefina amapita kumudzi kamodzi pa miyezi iwiri, nthawi zina ndi ana. Zokamba zawo zambiri zikadali za mvula ndi za mbewu. A Matiyasi anamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti nkhani ya amayi ake asadzaiike m'sewero la kutchalitchi, chifukwa kumeneko anthu amawadziwa. Iye anavomera, ndipo mpaka pano sanaiikemo.